Kodi bizinesi yanga ikufunika sisitimu ya mtundu wanji?

Funso: Ndili ndi shopu ya zipangizo zomangira ku Luwinga mu Mzuzu, ndipo ndinatsegulanso nthambi ku Rumphi ndi ku Karonga. Mpaka pano timalemba zonse m'makope, ndipo mwana wanga amathandiza kuika zina mu Excel. Posachedwa kwabwera anyamata awiri ogulitsa mapulogalamu a kompyuta. Wina akuti ndigule POS, winayo akuti popanda ERP nditsalira m'mbuyo. Kodi masisitimu amenewa alipo a mitundu ingati, amasiyana bwanji, nanga n'zoona kuti angandithandize kupambana anzanga pa msika? Ndine bambo wa ku Luwinga.

Yankho: Zikomo kwambiri bambo chifukwa cha funso lanu, lomwe likuzunguza mitu eni mabizinesi ambiri kuno kumpoto. Ndiyambe ndi kunena kuti anyamata awiriwo sakukunamizani, koma aliyense akukuuzani za chomwe iyeyo akugulitsa, osati chomwe inuyo mukusowa. Komanso musadzione ngati mulibe sisitimu. Makope anuwo, buku la malisiti, kalaliki amene amalemba, lamulo lanu lakuti katundu asatuluke pageti popanda pepala, ndi foni yomwe mumaimba ku Karonga madzulo kufunsa zomwe agulitsa, zonsezo pamodzi ndi sisitimu ndithu. Kompyuta imangofulumizitsa ndi kulumikiza zomwe anthu akuchita kale, ndipo ngati zomwe akuchitazo zili zosokonekera, imafulumizitsanso chisokonezocho.

Njira yosavuta yosiyanitsira masisitimuwa ndi kufunsa kuti iliyonse ikutumikira ndani. Mu bizinesi ngati yanu muli anthu a magulu atatu omwe amafunsa mafunso osiyana. Wa pa kauntala amafuna kudziwa kuti thumba la simenti likupita pa mtengo wanji lero ndipo atsala matumba angati. Manijala wa nthambi amafuna kudziwa kuti mwezi uno wayenda bwanji poyerekeza ndi mwezi watha, ndiponso kuti ndani sanabweze ngongole. Inu eni ake mumafunsa ngati n'kwanzeru kutsegula nthambi ina ku Nkhata Bay kapena kuyamba mwagula lole yanuyanu. Mafunso atatuwa amayankhidwa ndi masisitimu osiyana, koma onsewo amadalira zomwe zalembedwa pa kauntala paja, ndipo n'chifukwa chake nditaya nthawi yambiri pa mtundu woyamba.

Mtundu woyambawo akatswiri amautchula TPS, ndipo ntchito yake ndi kulemba chochitika chilichonse cha malonda pa nthawi yomwe chikuchitika: kugulitsa, kulandira katundu, kulipira, kubweza chinthu chowonongeka, kupereka malipiro a antchito. POS yomwe mnyamata woyamba uja akukuuzani, yomwe ndi pulogalamu yogulitsira pa kauntala, ili m'gulu limeneli. Masisitimu otere mumawagwiritsa kale ntchito tsiku ndi tsiku, mukamatumiza ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, mukamagula mayunitsi a ESCOM, ngakhalenso mukamatulutsa lisiti ya msonkho pa makina, ngati a EFD aja omwe MRA inabweretsa mu 2014 kwa ochita malonda olembetsa VAT. Ndipo n'zochititsa chidwi kuti kompyuta yoyamba kugwira ntchito za bizinesi sinali ya banki kapena ya boma. Inali ya kampani ya J. Lyons ya ku London, yomwe inali ndi malo ambiri ogulitsira tiyi ndi makeke. Kompyutayo inkatchedwa LEO, inayamba ntchito mu 1951, ndipo pambuyo pake inkawerengera malipiro a antchito ndi maoda omwe nthambi zinkatumiza tsiku lililonse. Vuto lawo linali ngati lanu lomweli: nthambi zambiri, katundu wambiri, ndi likulu lofuna kudziwa chomwe chikufunika kuti.

Tiyeni tione chomwe chimachitika pa kauntala pakakhala POS yoyendetsedwa bwino. Mmisiri wafika kudzagula matumba 10 a simenti, malata 20 ndi makilogalamu 5 a misomali, ndipo walipira theka pa foni, theka akuti adzamaliza Lachisanu. Wogulitsa akangodina kuti malonda atheka, zinthu zingapo zimachitika nthawi imodzi. Simenti ya m'sitolo imatsika ndi matumba 10, malata amatsika ndi 20, ndalama zolandiridwa pa foni zimalembedwa padera ndi za m'manja, ngongole imalembedwa pa dzina la mmisiriyo pamodzi ndi tsiku lobweza, msonkho umawerengeredwa, ndipo dzina la amene wagulitsa ndi ola lomwe wagulitsira zimasungidwa. M'makope, ntchito yomweyi imafuna kulemba m'malo anayi kapena asanu, ndipo shopu ikadzaza anthu Loweruka m'mawa, malo awiri amaiwalika. Pakutha pa mwezi mumapeza kuti sitoko yashota, osadziwa ngati ndi kuba, kuiwala kulemba, kapena katundu sanafike wokwanira pomwe ankatsitsidwa pa lole.

Koma pano m'pamene mabizinesi ambiri amagwera, ndipo sagwa chifukwa cha makina. Chinthu chimodzi chimapezeka chili ndi mayina atatu mu kompyuta, chifukwa wa ku Rumphi analemba malata a mamita atatu m'njira yake, wa ku Karonga anawalemba potengera geji, ndipo wa ku Luwinga potengera kampani yowapanga. Misomali imagulidwa pa katoni koma imagulitsidwa pa kilogalamu, ndipo palibe amene anauza kompyuta kuti katoni imodzi ili ndi makilogalamu angati. Wachibale amabwera kudzatenga matumba awiri ponena kuti tilemba mawa. Ndipo ndinene mwaulemu kuti kawirikawiri amene amayamba kuswa lamulo ndi mwini bizinesi, potenga ndalama mu kabati ya pa kauntala kukalipira fizi ya mwana kapena kukapereka chipepeso pamaliro osalemba paliponse. Zimenezi si zolakwika kuchita ndi ndalama zanu, koma zikapanda kulembedwa, antchito amaphunzira kuti kulemba n'kwa apo ndi apo. Inu mumagulitsa zipangizo zomangira, choncho mukudziwa kuti nyumba yomwe maziko ake anapotoka singawongoledwe ndi penti kapena malata okwera mtengo. TPS ndi maziko amenewo, ndipo lipoti lililonse lomwe mudzalandire m'tsogolo lidzakhala loona kapena labodza malinga ndi zomwe zinalowetsedwa pa kauntala.

Pa nkhani yomweyi ndikuchenjezeni za manambala achinsinsi olowera mu sisitimu. Wantchito aliyense akhale ndi yake, ndipo amene amagulitsa asakhale ndi mphamvu zofufuta lisiti kapena kusintha mtengo popanda chilolezo cha wamkulu wake. Dziko lathu linaphunzira zimenezi mowawa mu 2013 pa nkhani ya Cashgate, pomwe ndalama za boma zinabedwa kudzera mu IFMIS, sisitimu yoyendetsera chuma cha boma. Anthu ankalowetsa malipiro a makampani omwe sanagwire ntchito iliyonse, macheke n'kutuluka, kenako n'kufufuta zomwe analowetsazo. Sisitimu inalipo, yogulidwa ndi ndalama zambiri, koma chitetezo cha yemwe angalowe ndi chomwe angafufute chinali chofooka. Mukamaona pulogalamu iliyonse, pemphani kuti akuonetseni pomwe pamalembedwa amene wafufuta chinthu, tsiku lake ndi ola lake. Ngati palibe malo otero, musagule.

Mtundu wachiwiri ndi MIS, womwe umatenga zonse zolembedwa pa kauntala zija n'kuzisonkhanitsa kukhala malipoti a pa sabata kapena pa mwezi. Uwu ndi wa mamanijala, ndipo umayankha funso lakuti chachitika n'chiyani. Mapulogalamu ambiri a POS amabwera ndi malipoti ochuluka zedi, ena mpaka makumi angapo, koma kwa bizinesi ngati yanu ofunika kuwaona mosadumphitsa ndi ochepa. Loyamba ndi la phindu la mtundu uliwonse wa katundu, osati kuchuluka kwa zogulitsidwa kokha, chifukwa simenti imayenda kwambiri koma phindu la pa thumba limakhala lochepa, pomwe mipope, maloko ndi penti zimayenda pang'onopang'ono koma zimasiya kanthu. Lina ndi la ngongole, loonetsa omwe adutsa masiku 30, omwe adutsa 60 ndi omwe adutsa 90, pakuti ngongole ikakalamba imavuta kutolera. Ndipo lomwe eni mashopu ambiri amalinyalanyaza ndi la katundu wogona, amene sanagulidwe kwa miyezi isanu ndi umodzi. Katundu ameneyo ndi mpamba wanu womwe wangokhala pa shelefu kusonkhanitsa fumbi, pomwe inu mukukongola ku banki pa chiwongoladzanja chokwera kuti muode simenti. Lipoti la MIS likafika pa tsiku la 20 la mwezi wotsatira, lasanduka mbiri yakale. Liyenera kufika sabata yoyamba, pomwe mungathe kuchitapo kanthu.

Mtundu wachitatu, DSS, umasiyana ndi awiri oyambawo chifukwa suyang'ana kumbuyo. Umathandiza kuyankha funso lakuti nanga zitati zatere, chingachitike n'chiyani. Apa ndikufuna mumuyamikire mwana wanuyo, chifukwa Excel yomwe akugwiritsa ntchito ndi chida chenicheni cha mtundu umenewu. Pulogalamu yoyamba yotere ya pa makompyuta ang'onoang'ono, VisiCalc, inatuluka mu 1979, ndipo amalonda ambiri anagula kompyuta chifukwa cha iyoyo basi, poti ankatha kusintha nambala imodzi n'kuona zina zonse zikusintha.

Ndipereke zitsanzo ziwiri, ndipo manambalawa ndi ongoyerekeza. Tinene kuti nthambi ya ku Karonga imagulitsa matumba 40 a simenti pa tsiku, ndipo kuchokera pomwe mwapereka oda kufika pomwe lole yatsitsa pamapita masiku 7. Ndiye kuti muyenera kuoda matumba akatsala 280, ndipo mukawonjezera 100 odzitetezera, oda iyenera kupita akatsala 380. Koma aliyense woyenda pa M1 akudziwa kuti nthawi ya mvula msewu wa pa Chiweta umatha kuchedwetsa malole, choncho masiku 7 aja angasanduke 12. Mukasintha nambala imodzi imeneyo, kompyuta ikuuzani kuti oda ipite akatsala 580, ndipo ikuonetsaninso ndalama zomwe zikhale zitamangika mu simenti yowonjezerayo, yomwe nayonso imauma ikakhalitsa pa chinyontho. Chiganizo chikhalabe chanu, koma mudzachipanga mukuona mtengo wa mbali zonse ziwiri.

Chitsanzo chachiwiri chikukhudza chinthu chomwe chinalowetsa pansi mashopu ambiri. Mu November 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Tiyerekeze kuti wina anagula chitini cha penti pa K20,000 n'kuchigulitsa pa K24,000. Kope lake, ngakhalenso lipoti la MIS, lidzamuuza kuti wapindula K4,000. Koma akapita kukaoda china apeza kuti chafika pa K27,000, kutanthauza kuti ndalama yomwe ali nayo m'manja singagulenso chitini chomwe wagulitsa chija. Wagulitsa katundu yense, wasangalala ndi phindu la pa pepala, koma shelefu ikucheperachepera. Chida cha DSS chimakulolani kuwerengera mtengo wogulitsira potengera ndalama zomwe mudzalipire pogulanso, osati zomwe munalipira kale, ndipo chimakulolani kuyesa kuti kwacha itagwanso ndi magawo akutiakuti, ndi katundu uti amene muyenera kumugwira kaye ndipo ndi uti amene mungapitirize kugulitsa. M'dziko lomwe katundu wambiri wa m'mashopu a zomangira amachokera kunja, kudzera pa Songwe kuchokera ku Dar es Salaam kapena kuchokera kum'mwera, luso limeneli n'lofunika kuposa pulogalamu iliyonse yokongola.

Pali mtundu wachinayi wotchedwa ESS, wa akuluakulu a kampani, womwe umaonetsa manambala ofunikira ochepa pa tsamba limodzi pamodzi ndi nkhani zakunja monga mitengo ya mafuta ndi ya dola. Makampani akuluakulu amaulipira ndalama zambiri. Kwa inu ndi zokwanira kuti m'mawa uliwonse muziona pa foni zinthu zisanu: zogulitsidwa dzulo pa nthambi iliyonse, ndalama zomwe zili ku banki, ngongole zomwe anthu ali nazo kwa inu, zomwe inu muli nazo kwa ena, ndi katundu amene watsala pang'ono kutha.

Tsopano tifike pa ERP ya mnyamata wachiwiri uja. Mitundu inayi yomwe ndafotokozayi imasiyana potengera udindo wa woigwiritsa ntchito, koma ERP inabwera kudzathetsa vuto lina, la madipatimenti omwe aliyense ali ndi mabuku ake osagwirizana ndi a mnzake. Maganizo ake ndi akuti kampani yonse ikhale ndi nkhokwe imodzi ya zolembedwa, moti zogula, sitoko, zogulitsa, akaunti ndi malipiro a antchito zonse zizichokera pamalo amodzi. Kampani yodziwika kwambiri pa mapulogalamu amenewa ndi SAP ya ku Germany, yomwe inayambitsidwa mu 1972 ndi anthu asanu omwe kale ankagwira ntchito ku kampani ya makompyuta ya IBM, ngakhale masiku ano aliponso ena ang'onoang'ono ndi otsikirapo mtengo monga Odoo ndi Sage. Ubwino wake kwa inu ungaoneke pa katundu woyenda pakati pa nthambi. Malata 200 akachoka ku Luwinga kupita ku Karonga, ulendo wa makilomita oposa 200, sisitimu imawaonetsa kuti ali pa msewu, ndipo wa ku Karonga akalandira 194, kusiyanako kumaonekera tsiku lomwelo, dalaivala asanaiwale kapena kupeza chonena.

Komabe sindikulangizani kuti muyambire pamenepo. Mtengo wa ERP si wa pulogalamu yokha. Pali ndalama zoikira, zophunzitsira antchito, zolipira chaka ndi chaka, ndi zoitanira katswiri zinthu zikavuta, yemwe mwina akhala akuchokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre inu n'kumulipirira mayendedwe ndi malo ogona. Choposa apo, ERP imakakamiza bizinesi kugwira ntchito motsatira ndondomeko yake, ndipo ngati antchito sanazolowere kulemba chilichonse pa nthawi yake, amayamba kuizemba n'kubwerera ku makope mwakachetechete, inu mukulipirabe. Makampani akuluakulu a kunja, okhala ndi akatswiri awoawo, akhala akutaya ndalama zochuluka pa ntchito zoika ERP zomwe zinalephereka. Kwa nthambi zitatu, POS yabwino yotha kulumikiza sitoko ya nthambi zonse, pamodzi ndi pulogalamu ya akaunti, zikugwirirani ntchito yaikulu ya ERP pa mtengo wochepa. Mudzadziwa kuti nthawi ya ERP yakwana pomwe akauntanti wanu azidzataya masiku ambiri mwezi uliwonse akukopera manambala kuchoka mu pulogalamu ina kupita mu ina.

Mitundu ina iwiri imayang'ana kunja kwa geti. CRM imasunga mbiri ya makasitomala, ndipo pa malonda anu ili ndi phindu lomwe ambiri saliona. Amene amasankha shopu yogulako zipangizo kawirikawiri si mwini nyumba, yemwe mwina ali ku Johannesburg ndipo amangotumiza ndalama, koma mmisiri amene akumanga. Mukadziwa amisiri 50 omwe amabwera kawirikawiri, zomwe aliyense amagula ndi pomwe nyumba yake yafika, mungathe kumuimbira amene anagula simenti ya maziko miyezi iwiri yapitayo n'kumuuza kuti malata ndi matabwa a denga afika, asanapite kukafunsa mitengo m'tauni. Kumbukirani kuti kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, lomwe MACRA imayang'anira, choncho manambala a foni a makasitomala muziwatenga iwo akudziwa chifukwa chake, ndipo musawapereke kwa ena. SCM nayo imalumikiza bizinesi ndi omwe amaipatsa katundu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Walmart ya ku America inayamba kulola kampani ya Procter & Gamble kuona mwachindunji momwe katundu wake akuyendera m'mashopu, kuti izitumiza wina asanathe popanda kudikira oda. Kuno kwathu, ogula khofi wa ku mapiri a Misuku ndi Phoka kunja kwa dziko amafuna kudziwa komwe khofiyo wachokera, ndipo zimenezi zimatheka pokhapokha pali zolembedwa zomutsatira kuchokera kwa mlimi. Inu simungalumikize makompyuta ndi fakitale ya simenti mawa lino, koma mutha kupita kwa amene amakupatsani katundu ndi manambala a miyezi 12 osonyeza zomwe mumagulitsa mwezi uliwonse, ndipo munthu wobwera ndi manambala otere amakambirana za mtengo ndi za ngongole ali ndi mphamvu kuposa wongonena kuti ndimagula kwambiri.

Funso lanu lomaliza ndi lomwe lili lalikulu: kodi zimenezi zingakupambanitseni pa msika? Mbiri ikuonetsa kuti zinathekapo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, kampani ya ndege ya American Airlines mogwirizana ndi IBM inapanga sisitimu yosungitsira malo m'ndege yotchedwa SABRE. Poyamba inali TPS chabe, yothandiza makalaliki. Koma kuyambira mu 1976 kampaniyo inayamba kuika makompyuta a sisitimuyi m'maofesi a ogulitsa matikiti, ndipo ndege zake zinkaonekera pamwamba pa mndandanda, pomwe wogulitsa wotanganidwa amayamba kuyang'ana. Phindu lake linakula kufikira pomwe boma la America linaletsa kukondera kotereku mu 1984. Chomwe chinawapatsa mphamvu si kompyuta yokha, koma kuti anaiika pamalo pomwe kasitomala amapangira chisankho, anzawo asanaganize zotero.

Mbali ina ya nkhaniyi inanenedwa mu 2003 ndi mlembi wa ku America, Nicholas Carr, mu magazini ya Harvard Business Review. Iye ananena kuti makompyuta afanana ndi magetsi ndi njanji: pomwe anali osowa ankapatsa mwayi amene ali nawo, koma aliyense atakhala nawo, asanduka chinthu chongofunika kuti bizinesi iyende, osati chopambanitsa. Ambiri anamutsutsa, koma pa mfundo imodzi ndikugwirizana naye kwathunthu. POS yomwe mnyamata uja akugulitseni, mawa akaigulitsanso ku shopu yoyandikana nanu pa mtengo womwewo. Chomwe mnzanuyo sangagule ndi mbiri ya zaka zitatu ya zomwe anthu a ku Rumphi amagula fodya akagulitsidwa, ya nthawi yomwe malonda a ku Karonga amakwera mpunga ukakololedwa, ya mmisiri amene amabweza ngongole pa tsiku lake ndi amene amasowa. Sangagulenso chizolowezi cha antchito anu cholemba zoona, kapena chizolowezi chanu chokhala pansi Lolemba lililonse n'kusintha oda kapena mtengo chifukwa cha zomwe lipoti lanena. Zimenezo zimatenga zaka kuti zimangike, ndipo n'chifukwa chake zimavuta kutengera.

Choncho musanasankhe pulogalamu, sankhani kaye njira yomwe mukufuna kupambanira. Michael Porter wa ku yunivesite ya Harvard anaphunzitsa kuyambira mu 1980 kuti bizinesi imapambana pokhala ndi ndalama zoyendetsera zotsika kuposa anzake, kapena popereka chinthu chomwe ena sapereka, kapena posankha gulu limodzi la makasitomala n'kulitumikira bwino kuposa wina aliyense. Ngati mukufuna kupambana pa mtengo, mphamvu zanu zipite pa sitoko ndi pa mayendedwe, kuti pasakhale katundu wogona ndiponso lole isabwerere kuchokera ku Karonga yopanda kanthu. Koma kwa shopu ya msinkhu wanu, kulimbana pa mtengo ndi makampani akuluakulu omwe amaoda katundu wambiri nthawi imodzi n'kovuta. Maganizo anga ndi akuti mwayi wanu uli pa kudalirika. Mzuzu ili pa mtunda wa makilomita oposa 300 kuchokera ku Lilongwe, ndipo chinthu chikasowa kuno, ntchito yomanga imaima masiku angapo amisiri akulipidwa. Shopu yomwe ingayankhe pa foni mu mphindi imodzi kuti chinthucho chilipo ku Rumphi ndipo chifika mawa m'mawa, n'kufikadi, idzasunga makasitomala ngakhale mtengo wake utakwererapo pang'ono. Yankho la mphindi imodzilo limafuna sitoko yolondola ya nthambi zonse zitatu yooneka pamalo amodzi, ndipo ichi ndicho chiyeso chomwe muyenera kuyesera pulogalamu iliyonse yomwe akubweretserani.

Anyamatawo akadzabweranso, musalole kuti akuonetseni ndi katundu wongopeka wa mu kompyuta yawo. Apatseni mayina a zinthu 20 za m'shopu mwanu, kuphatikizapo misomali ya pa kilogalamu ndi waya wa pa mita, ndipo aonetse kugulitsa pa ngongole, kubweza katundu ndi kutumiza ku nthambi ina. Afunseni chomwe chimachitika magetsi akathima kapena netiweki ikagwa, chifukwa pulogalamu yodalira intaneti nthawi zonse idzaimitsa malonda anu pomwe makasitomala ali pa mzere. Yabwino imapitiriza kugwira ntchito n'kudzatumiza zolembedwazo netiweki ikabwera, ndipo muwerengeretu mtengo wa batire kapena sola. Afunseni komwe zolembedwa zanu zimasungidwa kompyuta itabedwa kapena kupsa, ndiponso ngati mungathe kuzitulutsa zonse mu Excel tsiku lomwe mwafuna kusiyana nawo, pakuti ena amamanga makasitomala awo pokana kuwapatsa zolembedwa zawo zomwe. Afunseni ngati malipiro a pa chaka ali mu kwacha kapena mu dola. Pitani nokha ku ofesi ya MRA kuno ku Mzuzu mukafunse zomwe zikufunika panopa pa malisiti a msonkho, chifukwa ndondomeko zimenezi zimasintha, ndipo pulogalamuyo iyenera kugwirizana nazo. Pomaliza apempheni akutchulireni shopu ina ya kuno kumpoto yomwe yagwiritsa ntchito pulogalamuyo kwa chaka chathunthu, mupiteko popanda iwo, ndipo mukacheze ndi wa pa kauntala, osati mwini wake yekha.

Mukasankha, yambani ndi nthambi ya ku Luwinga yokha, pomwe inu muli pafupi. Musanayatse kompyuta, khalani pansi ndi mamanijala onse atatu mugwirizane dzina limodzi ndi muyezo umodzi wa chinthu chilichonse, kenako mutseke shopu tsiku limodzi muwerenge sitoko yonse ndi manja, chifukwa nambala yoyambira ikalakwika, zotsatira zonse zilakwika. Mwezi woyamba lembani m'makope ndi mu kompyuta momwe, n'kumayerekeza madzulo aliwonse, ndipo antchito achikulire omwe akuopa makina muwapatse nthawi, poti iwowo ndi amene amadziwa katundu ndi makasitomala kuposa achinyamata odziwa kudina. Ntchito imeneyi muichite m'miyezi ya January ndi February, pomwe mvula yachepetsa zomangamanga ndipo pa kauntala pali mpata wophunzira, kuti pofika nthawi yomwe alimi agulitsa fodya ndi mpunga n'kuyamba kugula malata, nthambi za ku Rumphi ndi ku Karonga zikhale zitalowa kale.